Zikhadabo za Rukiya

Kumidzi ya kumunsi kwa Mlonyeni, mukatchula dzina la Abiti Sanudi simulephera kupeza wokuuzani kuti ndi mayi uja anapaka mwana wake wakufa kyuteksi m'zikhadabo, osagwetsa ndi msozi umodzi womwe. Amene amanena zimenezi ndi aja tsiku limenelo anali panja, atakhala pamphasa, maso ali pachitseko chotseka. M'nyumbamo sanalowemo. Mayi ameneyu ndi wa mtundu wathu, ndipo mbiri yake siingasiyidwe m'kamwa mwa anthu amene anangomva fungo lokha.

Dzina lawo lobadwa nalo linali Asiyatu. Kwawo kunali ku Ntaja, ku Machinga. Ku Mchinji anafikako mu 1981 pa lole imene inkazungulira m'midzi kufuna matenanti olima fodya. Anakwera ndi amuna awo Che Bwanali, mkeka wopempherera, ketulo imodzi, ndi mwana wamkazi kumsana. Mwanayo ndiye Rukiya, ndipo sanapatsidwenso wina.

Pa esiteti imene anatsikira panali mabanja asanu ndi awiri a Chiyao. Anamanga kamzikiti ka udzu kuseri kwa zigafa, ndipo mwini esiteti anawadulira ngodya ya malo pansi pa mitengo ya mthethe kuti aziikako akufa awo. Pa akazi onse a m'mabanja amenewo, Abiti Sanudi okha ndi amene ankadziwa kusambitsa maliro mwa Chisilamu. Ntchitoyi anawaphunzitsa ndi azakhali awo ali mtsikana, ndipo malamulo ake anawasunga monga anawalandirira. Mtembo umagwiridwa ngati munthu wamoyo amene wagona. Madzi akhale ofunda. Uyambe mbali ya kumanja, ubwereze katatu. Zimene waona m'chipindamo zithere momwemo. Koma lamulo limene azakhali aja ankalinena akugogoda pansi ndi chala linali lakuti madzi afike paliponse: m'mizu ya tsitsi, kuseri kwa makutu, m'mipata ya zala, pansi pa mphete. Chilichonse chotchinga madzi chichotsedwe. Pakatsala pouma, ngakhale pang'ono ngati njere ya mawere, munthuyo sanasambe.

Akazi asanu ndi anayi anadutsa m'manja mwawo pa esiteti ija, ndipo palibe amene anapita ndi pouma.

Che Bwanali anamwalira mu 1994, chaka cha chisankho cha zipani zambiri chija, chifuwa chitawadya miyezi isanu ndi umodzi. Zaka zotsatira fodya anayamba kuvuta, esiteti inasintha eni, ndipo mabanja aja anayamba kumanga katundu limodzi limodzi. Ena anabwerera ku Machinga, ena analondola ana awo ku Lilongwe. Abale analemba makalata, osati imodzi, kuwaitana Abiti kuti abwerere kwawo. Yankho linali lomwelomwelo nthawi zonse.

"Ndikachoka kuno, pamanda a Che Bwanali adzalimapo fodya."

Anapempha kamalo kumapeto kwa mudzi woyandikana ndi esiteti, namanga nyumba ya zipinda ziwiri. Pofika chaka cha 2000 kamzikiti kaja kanali katagwa, ndipo m'dera lonselo Asilamu anatsala awiri okha, mayi ndi mwana wake. Mzikiti wapafupi unali ku boma, kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa maola atatu wapansi.

Anthu a m'mudzimo sanali oipa, zimenezo tinene zoona. Anali Akatolika ndi a CCAP, olima chimanga ndi fodya, opatsa moni. Koma Abiti akapita pamaliro ankatunga madzi, kukhala ndi anamfedwa, nthawi ya chakudya n'kunyamuka, chifukwa mbuziyo sankadziwa amene waizinga. Anthu ankati n'kunyada. Mwezi wa Ramadhani ankamanga pakamwa anzawo akukazinga mtedza kuseri kwa mpanda, ndipo tsiku la Idi ankalimvera pa wailesi. Ankavala mpango wawo woyera, kuphika mpunga, kudya awiriwiri, n'kuvula mpangowo. Woyandikana nawo nyumba anali a Felista, amake Laston, mayi wa kwaya ya ku tchalitchi, wa mawu aakulu ngati belu. Zaka zisanu ndi zitatu ankapatsana moni pampanda, kubwerekana sefa, kupalana moto, koma palibe amene anakhalapo pansi m'nyumba ya mnzake.

Rukiya ndiye sanatengere kufatsa kwa mayi ake. Anali wamtali, woseka ndi mano onse, woyenda ngati wachedwa. Sukulu anailekeza Fomu 2, n'kuyamba geni. Ankadutsa njira zachidule kupita ku Chipata kukapikula zitenje, mafuta odzola, ndolo ndi timabotolo ta kyuteksi, utoto wonyezimira uja atsikana amapaka m'zikhadabo, n'kumagulitsa m'misika ya m'midzi. Ankabwerako ndi chinyanja cha ku Zambia pakamwa, chimene mayi ake sankachifuna m'nyumba mwawo.

Tsiku loyamba kufika ndi zikhadabo zofiira, Abiti anamugwira dzanja n'kulitembenuza ngati akusankha nsomba pamsika.

"Ichi n'chiyani?"

"Manje amayi, kasitomala angagule bwanji chinthu chimene mwini wake sapaka?"

"Manje wakoyo ukamusiye ku Chipata. Thira madzi apa."

Rukiya anathira. Madzi anatsetsereka pamwamba pa utoto uja ngati pa tsamba la koko, n'kugwa pansi.

"Waona? Chikhadabo chili pansipo chanyowa? Ukatawaza kuti uswali, madzi sakufika. Ukasamba kuti uyere, sakufika. Ndiye swala yakoyo ukuperekera ndani? Ukungochita majowajowa pamkeka basi."

Anakangana sabata yathunthu, kenaka anamvana chimodzi. Rukiya azipaka masiku okhawo ali kumwezi, poti masiku amenewo mkazi saswali. Tsiku losamba likafika, achotse zonse ndi mankhwala ake a m'botolo, amene ankakhala m'chikwama cha geni, asanakhudze madzi. Pangano limeneli Rukiya sanaliswe. Mwezi uliwonse ankabwera n'kuima pamaso pa mayi ake, manja atatambasula ngati mwana wa Sitandade 2 pa asembule.

"A hedi, onani. Ndakhoza?"

Abiti ankayang'ana chala chimodzichimodzi, nkhope ili gwa, n'kuloza m'mbali mwa chala chaching'ono. "Apa." Rukiya ankaseka, n'kupukuta. Kuseka kumeneko ndiko kunali phokoso lokhalo la m'nyumba imeneyo.

Lachiwiri lina mu Januwale 2003, mvula itagwa masiku anayi osapuma, Rukiya anadzuka n'kumanga chikwama. Zikhadabo zinali psuu, zopaka dzulo lake. Abiti sanafune kuti apite, koma si anthu amene ankadziwa kunena kuti ndikuopa. Mantha awo ankatulukira m'kukalipa.

"Mtsinje wadzaza, iwe uli pa ulendo ndi zala zangati wapha nkhuku. Ukadzafa nazo zimenezo adzakuchotse ndani?"

"Si inu nomwe, amayi? Katswiri tili naye m'nyumba mom'muno, ndivutikirenji?"

"Choka apa, mwana wopanda mwambo."

Awa ndiwo anali mawu awo omaliza kwa iye.

Rukiya anabwerera madzulo a tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Madzi anali atakwera pamwamba pa mlatho wa mitengo, ndipo wakabaza amene anamunyamula anakana kuwoloka. Rukiya anasenza chikwama n'kulowa yekha. Amene anali kutsidya anaona mtengo umodzi ukutembenuka, kenaka mlatho wonse unanyamuka. Anamupeza m'mawa mwake m'bango, mtunda ndithu kumunsi. Chikwama sichinapezeke mpaka lero.

Anabwera naye pangolo dzuwa litakwera, wapolisi wa ku yuniti atalemba zolemba zake. Uthenga wopita ku mzikiti anachita kuukuwa pamtsinje, wina wa kutsidya n'kuuthamangitsa panjinga. Shehe wa ku boma anafika masana ndi amuna asanu ndi mmodzi. Anawoloka atagwira chingwe, madzi ali m'chifuwa, nsalu yoyera ya nsanda ataisenza pamutu. Amayi atatu a ku mzikiti amene ananyamuka nawo kudzasambitsa maliro anaima kutsidya, kuyang'ana madziwo, n'kubwerera akulira.

Apa n'kuti bwalo la Abiti litadzaza kwa nthawi yoyamba chimangireni nyumbayo. Amayi a m'mudzi anabwera ndi mfuu kuchokera kumsewu, monga amachitira kwawo. Kwa iwo mayi wofedwa amakhala pamphasa, anzake n'kumugwirira, ndipo thupi amasambitsa ndi ena. Akuluakulu awiri anali atamanga kale zitenje m'chiuno kuti alowe. Abiti anaima pakhomo.

"Zikomo, amayi. Ndisambitsa ndekha."

"Mwana wanu yemwe? Wobereka nokha?"

"Palibe wina."

Anamva wina kumbuyo akunong'ona kuti awa ndi malodza. Sanacheuke. Shehe, bambo wochepa thupi wa ndevu zaimvi, amene mkanjo wake unali ukudonthabe, anawayandikira n'kulankhula motsitsa.

"Abiti, anyamata ayamba kukumba pafupi ndi Che Bwanali. Tikaswali swala ya Alasiri, dzuwa likapendeka, tinyamula. Kumadzuloku kukuda, ndipo mvula ikagwanso manda adzaza madzi, ifenso sitiwoloka."

Abiti anayang'ana mthunzi wa nyumba. Anali ndi maola awiri, mwina ndi theka. Analowa n'kutseka chitseko.

Rukiya anali atagona pamphasa, atafundidwa chitenje. Mayi ake anatchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kumuchotsa zinyalala za bango m'tsitsi. Atatulutsa dzanja lamanja pansi pa chitenje, anaima. Mtsinje unali utamuviika usiku wonse, khungu la m'manja litachita makwinya n'kuyera, koma zikhadabo zinali psuu, zonyezimira ngati wapaka m'mawa womwewo. Pansi pa utotowo panali pouma. Mankhwala ochotsera anali m'chikwama, chikwama chili m'mtsinje, ndipo sitolo imene ikanakhala nawo inali kutsidya.

Anayamba ndi sopo ndi mwala wotsukira mapazi. Utoto unangochita timizere. Anathira palafini wa m'koloboyi pakansanza n'kupukuta mpaka dzanja kuwawa, koma zinangowala kuposa kale. Ndiye anatenga lezala. Chikhadabo cha chala chachikulu chinayamba kupalika bwino, tizidutswa tofiira tikugwera pamphasa, mpaka lezala inatsetsereka n'kulowa m'khungu lofewa lija, m'mbali mwa chala. Magazi sanatuluke. Abiti anaponya lezala uko, n'kugwira chalacho ndi manja awiri.

"Pepa, mwanawe. Pepa. Sindibwerezanso."

Pawindo panamveka kutsokomola. Anali a Maliko, mkulu wina wa m'mudzimo amene sankasowa kabotolo m'thumba la jekete. Nkhani inali itafika kale panja, poti Abiti anali atafunsa kudzera pachitseko ngati pali mtsikana amene ali ndi mankhwala aja, ndipo panalibe.

"Amake Rukiya, pepani, ine n'chidakwa koma ndili ndi nzeru imodzi. Ndili ndi kachasu apa, mutu weniweni. Ameneyu amasupula ndi penti ya njinga yomwe."

"A Maliko, mwana wanga sanalawepo mowa ali moyo. Ndimudzoze lero?"

"Ayi, ndimangoti ndithandize."

"Ndamva. Mulungu akuoneni."

Mapazi a a Maliko anachoka, n'kubwera ena opepuka. Anali Shehe, ataima kuseri kwa chitseko.

"Abiti, ndamva vuto lanu. Mverani. Chimene chakanika kuchoka popanda kumupweteka, chisiyeni. Mulungu sasenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake. Musambitseni momwemo, kusambako kulandiridwa. Tchimo palibe, kwa inu kapena kwa iye."

Abiti anadziwa kuti Shehe akunena zoona, ndipo akanakhala mwana wa wina, bwenzi iwonso atawauza amake mawu omwewo. Koma m'makutu mwawo munali mawu a dzulo lija. Si inu nomwe, amayi?

"Shehe, ana a eni ake asanu ndi anayi ndinawatumiza opanda pouma. Wanga yekhayu ndiye apite ndi zotsala?"



"Mitambo ikubwera, mayi," anatero Shehe, n'kuchoka.

Abiti anakhala pansi, dzanja la mwana wawo lili pamiyendo pawo. Panja amayi anali atayamba nyimbo ya maliro ya ku tchalitchi, motsitsa, posadziwa ngati n'kololedwa. Anthu onsewo anali pamtunda wa mikono iwiri, kuseri kwa khoma la dothi, koma Abiti sanakhalepo okha ngati mmene analili nthawi imeneyo. Anaganiza za azakhali awo, za akazi a pa esiteti amene ankawagwirira nsalu ndi kuwathirira madzi, onse atapita. Anapala chikhadabo chimodzi ndi chikhadabo chawo. Sichinasunthe.

Kukhomo la kuseri kunagogodedwa.

"Odi, amake Rukiya. Ndine amake Laston. Tsegulani pang'ono pokha."

Anatsegula kampata. A Felista anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali kabotolo ka kyuteksi wofiirira, kotsala pang'ono pansi.

Nkhope ya Abiti inauma. "Mwabwera kudzandiseka pa tsiku ngati lino?"

"Ndikuseken'chiyani ine, mayi? Tamverani kaye. Aka n'kotsala pa ukwati wa Luwiza wanga. Anandipatsa ndi Rukiya yemweyu. Tsiku la ukwatilo Luwiza anali ndi utoto wakale, mankhwala atatha. Rukiya anangopaka watsopano pamwamba pa wakalewo, n'kupukuta msangamsanga usanaume. Zonse zinachokera limodzi. Ndinaona ndi maso angawa."

"Ndimupake wina? Kuwonjezera pa umene ulipowu?"

"Wauwisi umasungunula wouma. Yesani chala chimodzi. Chikakanika mudzanditukwane mawa, ndili pompano."

Abiti anayang'ana kabotoloko nthawi yaitali. Chinthu chimene analimbana nacho zaka zinayi, chimene sanachigwirepo ndi dzanja lawo. Anakalandira.

Anayamba ndi chala chaching'ono, chija ankachiloza mwezi ndi mwezi. Kaburashi kanapaka ndi khungu lomwe. Anang'amba kansanza pa chitenje chakale, n'kupukuta mwamphamvu kamodzi. Pakansanzapo panatsala chibanga chofiira. Chikhadabo chinaoneka, chotuwa, chili ndi kamwezi kake koyera kumunsi, monga chinalili tsiku limene anamubereka.

Anapita kuchitseko cha kumaso. "Shehe! Pano pali mayi wa Chikhristu, mnansi wanga. Ndekha sinditha kumutembenuza mwanayu. Angandithirire madzi?"

Shehe anabwera pachitseko. "Ngati palibe wina, alowe. Osambitsa mukhale inu. Koma mumuuze lamulo la m'chipindamo."

"Amake Laston, zimene muone muno, ngakhale amuna anu asazimve."

"Pakamwa panga n'papakulu poimba pokha," anatero a Felista, akuvula patapata pakhomo. Aka kanali koyamba kuponda m'nyumbamo.

Anayamba ntchito. Abiti kupaka ndi kupukuta, a Felista kung'amba tinsanza ndi kusongola timitengo ta machesi tochotsera zotsalira m'mbali. Fungo la kyuteksi linadzaza chipinda n'kutulukira pawindo, ndipo nyimbo ya panja inayamba kuzilala. Pamene a Felista anatsegula chitseko kuti alandire ndowa ya madzi ofunda, mayi wina anasuzumira n'kuona Abiti atawerama, kaburashi kali m'manja, akupaka chala cha mtembo. Nkhani ija imene ikuyendabe mpaka lero inabadwira pamenepo.

Zala khumi zinatha, kabotolo katatsala madontho. Abiti anapumira m'mwamba, n'kutsikira kumapazi kuti atsuke matope amene anaumirapo. Matope atachoka, anaima. Zikhadabo za zala zazikulu ziwiri za kumapazi zinali zofiira.

Kumapazi sanayang'aneko ndi kale lonse. Mwezi ndi mwezi ankayendera manja okha, Rukiya atavala nsapato zake za geni. Nanga ngati utotowu unakhalapo miyezi? Ndiye kuti kusamba konse kuja, swala zonse zija ataima pambali pawo pamkeka, zinali zopanda kanthu?

"Wandinamiza," ananong'ona. "Mwana iwe, wakhala ukundinamiza."

"Ayi, zimenezo ndiye ndikana," anatero a Felista. "Wapaka Lolemba, dzana lomweli, pakhonde panga. Manja ndi mapazi nthawi imodzi. Ndipo mwezi uliwonse ankachotsera pakhonde pomwepo, kuyambira kumapazi. Ankati manja ndikaonetsa a hedi, koma mapazi amaona ndi Mulungu."

Abiti anadzutsa mutu. "Ankabwera kwanu?"

"Kawirikawiri. Inu mukapita kukapalira kumanda."

"Kudzatani?"

"Kudzandinyenga ndigule mafuta. Ndi kudzadandaula za inu. Ankati, amake Laston, amayi anga alibe wocheza naye, tsiku lina mudzangolowa, musadikire kuitanidwa. Ine ndinkati ndimaopa, mayi ako nkhope yawo ili ngati ya wapolisi wa pa bodala." A Felista anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye ndalowa lero. Mochedwa."

Chala chimodzi chinatheka. Pa chomaliza kaburashi kanatuluka kouma. Abiti anakazunguliza m'kabotolo, kukapendeketsa, kukagogoda pachikhatho, osatuluka kanthu. Kutali kunamveka kugunda kwa bingu, ndipo panja amuna anali atayamba kuyala mikeka ya swala. A Felista analanda kabotoloko, kukatseka, n'kukaviika m'ndowa ya madzi ofunda aja, akuwerenga chamumtima. Atakatulutsa anakaimika chadodolido pachikhatho. Kukhosi kwa kabotolo kunatsikira dontho limodzi lolemera.

"Limeneli ndi lomaliza, mayi. Musaphonye."

Sanaphonye.

Kenaka anamusambitsa mwana wawo monga anaphunzitsidwira. A Felista ankathira madzi ndi ketulo ija inachokera ku Ntaja, Abiti akuyendetsa dzanja pansi pa nsalu. Kumanja, kumanzere, katatu. M'mizu ya tsitsi, kuseri kwa makutu, m'mipata ya zala. Pa chikhadabo chilichonse ankaima, kuyang'ana madzi akukhala pamwamba pake n'kuchinyowetsa, ndiye n'kupita pa china. Makumi awiri, chimodzichimodzi. Amene amati sanalire akafunse ndowa ija. Misozi inkatsika yokha n'kugwera m'madzi momwemo, koma mfuu sanaitulutse, chifukwa kwawo wakufa sasokosedwa. Anamuluka tsitsi mingoli itatu, kumukulunga mu nsanda, n'kumanga.

Atatsegula chitseko, Shehe anawayang'ana kumaso.

"Wasamba," anatero Abiti. "Palibe pouma."

Amuna anamuswalira pabwalo ataimirira, n'kumunyamula pa machira a nsungwi amene anamanga pomwepo. A Maliko ndi anyamata a m'mudzi anatsatira pambuyo, makasu ali paphewa. Abiti anaima pakhomo, poti kwawo akazi saperekeza kumanda, mpaka nsalu yoyera ija inabisika kuseri kwa chimanga. Madontho oyamba a mvula anagwa amuna akumaliza kukwirira, ndipo Shehe ndi anthu ake anathamangira kumtsinje osabwereranso kunyumba.

Anthu a m'mudzi anali atakonzeka kugona pa siwa masiku awiri. Ataona kuti maliro atha tsiku lomwelo, mopanda bokosi, mopanda nkhata za maluwa, mvula n'kuyamba, ananyamula mphasa zawo m'modzim'modzi akugwedeza mitu. A Felista anatsala mpaka anataya madzi ndi kukwirira tinsanza tofiira tija kuseri kwa nyumba, kenaka anapita kukaona ana.

Dzuwa linalowa kuseri kwa mitambo osaoneka. Abiti anadziwa nthawi ndi nkhuku zimene zinayamba kulowa m'khola. Anatenga ketulo, n'kukhala pa chiunda cha pakhonde kuti atawaze. Atatambasula dzanja lamanja anaona kuti pa chikhadabo cha chala chawo chachikulu pali kachibanga kofiirira, kouma kale, kamene kanawadonthera akupaka.

Anakayang'ana. M'nyumba monse munalibenso chofiira china. Chikwama chinapita ndi madzi, tinsanza tinali pansi pa dothi, ndipo panalibenso wina amene adzabwere kudzatambasula manja kuti a hedi aone. Anakasisita ndi chala china, pang'onopang'ono, mvula ikugwa padenga la udzu. Nthawi ya swala ya madzulo ndi yaifupi, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense m'dera lonselo. Anakhalabe choncho mpaka kuwala kunatsala pang'ono kutha.

Ndiye analowa, kufufuza lezala ija pamene inagwera, n'kupala. Anathira madzi, kuona chikhadabo chikunyowa chonse, n'kuyala mkeka umodzi.

Anakhala zaka zina zisanu m'nyumba imeneyo. Makalata a abale anapitirira kubwera, ndipo yankho linangosintha pang'ono: manda tsopano ndi awiri. Masana ena a Felista ankabwera osaitanidwa, n'kukhala pakhonde akusenda nyemba, iwo akulankhula, Abiti akumvera. Za m'chipinda chija a Felista sanauze munthu, ngakhale pamene anzawo a kwaya ankawapanikiza, ngakhale pamene kunena kukanatsuka dzina la mnansi wawo. Tinazimva kwa Abiti eni ake, chaka chomaliza, abale atapita kukawaona.

Abiti anamwalira mu Okutobala 2008, mtsinje uli mchenga wokhawokha. Amayi a ku mzikiti anawoloka osavula ndi nsapato zomwe. M'sutikesi ya pansi pa bedi anapeza nsanda yodulidwa kale, sopo wosayamba, ndi kabotolo kopanda kanthu kokulungidwa m'mpango woyera. Anafunsa a Felista kuti kameneka n'kachiyani. A Felista anakatenga, kukaika m'thumba, n'kupita kukatereka madzi.